Ndinanamizira tebulo la bambo kuti lafumbwa

Inu owerenga, ndinawonongetsa chinthu chimene ndinkachifuna kuposa china chilichonse, ndipo chinandichititsa ndi nsanje basi.

Ndine mwana woyamba m'banja la kwa Mpama ku Chiradzulu. Dziko litangolandira ufulu, azungu ambiri ankachoka n'kumagulitsa mipando yawo, ndipo ine ndinapeza ntchito ku Limbe kwa mmwenye wina wogula katundu wakaleyo. Kumeneko ndinaphunzira kudziwa zaka za tebulo. Pamwamba pamanyenga, ndiye umaligadabuza. Lakale limakhala lakuda kunsi, ndipo ukasisita umamva timigula ta chopalira cha pamanja. Polumikiza pamakhala zikhomo za mtengo, osati misomali. Mabowo ofumbwa nawo amasiyana: akale amakhala akuda ndi ouma, koma amene muli tizilombo amataya fumbi loyera.

Kwathu kunali tebulo la mlombwa limene agogo ankayezerapo nsalu m'sitolo mwawo. Linali lolemera, lofiirira, lopanda msomali ndi umodzi womwe. Thabwa lopondapo linachita kulowa m'kati chifukwa cha mapazi a agogo ndi a bambo. Mwa matebulo onse amene ndinagwira ku Limbe, panalibe lofika pamenepo, ndipo mumtima ndinali nditalitenga kale.

Koma bambo ali pafupi kumwalira analipereka kwa mng'ono wanga Yusufu, amene ankawadwazika. Zinandiwawa, sindinama. Munthu wodziwa fodya ndi nandolo yekha, tebulo lotere alitani? Nditapita ku sadaka ya bambo n'kupeza alamu, akazi a Yusufu, ayanikapo mbale zonyowa, ndinachoka osadya.

Patapita miyezi, Yusufu anandiitana yekha kuti ndikalione, poti anaona timabowo m'miyendo. Ndinaligadabuza. Mabowowo anali akuda, tizilombo tinafa kalekale, ndipo tebulolo likanakhalapobe mpaka ife tonse titafa. Koma ndinapukusa mutu ngati dokotala. Ndinamuuza kuti lafumbwa mpaka m'kati, kuti si lakale kwenikweni, ndiponso kuti tizilomboto tidzalowa m'mitengo ya denga la nyumba imene ankakonza zomanga. Maganizo anga anali oti mwezi ukatha ndibwere ndi ngolo, ndinene kuti ndikukamutayira, kenako likakhale pabalaza panga.

Yusufu sanafunse kawiri. Kuyambira ali mwana, chimene ndanena ine kwa iye chinali chomwecho.

Tsiku limene ndinafika ndi ngolo ndinamupeza akuotcha njerwa. Ndinasuzumira m'nyumba, pamalo pa tebulo panali mphasa. Anandilondolera ku uvuni, ndipo pakhomo pa moto ndinaona kachidutswa ka mwendo wa tebulo lija kakufuka utsi, chikhomo chake chikadali pomwepo. Anali ataliwaza n'kulisonkhera pamoto ngati nkhuni.

“Achimwene, mwandipulumutsa,” anatero akupukuta thukuta. “Ndimafuna ndikupatseni inuyo tebuloli, poti ndinu mumadziwa matabwa. Ndinakuitanirani zomwezo. Koma mutanena kuti lafumbwa ndinati, mkulu wanga ndimupatse chinthu chowola?”

Ndinangoti wachita bwino. Ndinabwerera ndi ngolo yopanda kanthu, mwini ngolo akundifunsa kuti katundu uja ali kuti.

Nyumba ija inamangidwa ndi njerwa zomwezo, ndipo denga lake lilibe bowo ngakhale limodzi. Ndikapitako, Yusufu amauza alendo monyadira kuti denga limeneli analiteteza ndi achimwene ake. Ine ndimangoyang'ana pansi. Mpaka pano sindinamuuze, chifukwa ndikuopa kuti ndikatero nditaya ndi mng'ono wanga yemwe.

Inu amene muli ndi luso limene abale anu alibe, dziwani kuti iwo amaona ndi maso anu. Wina akakubweretserani chinthu kuti mumuuze ngati n'chabwino, nenani zoona, ngakhale mtima ukupweteka kuti si chanu. Ndipo ngati mukuchifuna, tsegulani pakamwa mupemphe. Ine ndikanangopempha, bwenzi lero ndikulemba mawu awa nditaponda pamene ankaponda bambo.