Lachitatu Linagwera Ine

Mlamu wanga Nabanda ndiye anayamba kundiuza kuti mwana wanga Tamanda amasamalira pulogalamu yaulere yopangira mawebusaiti, yoti aliyense atha kuitenga ndi kuikonza, koma anzake othandizana nawo anatopa n'kumusiya yekha. Ndinamupempherera, ndiye lero ndalota izi.

Ndili pamjigo. Tamanda akupopa yekha, thukuta lili kamukamu, ndipo m'malo mwa madzi mukutuluka mawebusaiti otentha ngati zitumbuwa. Mzere wa anthu wakafika ku Japan. Bambo wina wa tayi akugogoda ndowa yake.

"Mtsikana iwe, batani langa silikudinika!"

"Pepani bambo, ndikonza," akutero Tamanda, mkono wake ukutalika ngati legeni.

"Kodi bambo, manja anu munawasiya kuti?" ndikuwafunsa.

"Ine ndimangotunga, mayi."

Ndikuvula duku, lasanduka mndandanda wa osesa m'tchalitchi. Ndikugawa masiku. Bambo wa tayi Lolemba. Mayi wina wa ku Japan Lachiwiri. Akuwerama, inenso ndikuwerama, mpaka tagundana mitu. Tamanda wakhala pansi tsopano, akudya chinangwa.

"Amayi, Lachitatu ndi lanu," akundiuza, n'kundipatsa kompyuta.

Ndikuiwaza madzi kuti fumbi lisabuke, ndikusesa bwinobwino. Zilembo zonse zaunjikana pakona, nkhuku zikutola.

"Mayo ine, amayi! Mwasesa mawebusaiti a dziko lonse!"

Ndadzuka ndikuseka, n'kuthokoza Mulungu kuti anali maloto. Abale anga, muzitikumbukira m'mapemphero, makamaka Tamanda, kuti apeze anzake omulandira ntchitoyi. Koma asakhale ine.