Chitenje Chonyamulira Galu

Chinali chitenje chabuluu cha timbalame toyera, ndipo pangodya imodzi chinali chopsa ndi khala la pambaula. Mwini wake anali anti, akazi awo a amalume, omwe anamwalira ndili kupulayimale. Maliro atatha, amalume anatseka nyumba yawo ku Nkhorongo n'kudzakhala nafe ku Masasa. Anabwera ndi chikwama chimodzi komanso Jeki, galu wakuda yemwe anti anamulera kuyambira ali kamwana.

Chaka chimenecho mvula inakana kuchoka, mpaka nyengo yozizira inatipeza kukadali mawawa. Tinjira ta ku Masasa n'totsetsereka, ndipo dothi lake lofiira likanyowa limaterera ngati sopo. Jeki anaterereka akuthamangitsa nkhuku, n'kubwerako mwendo wakumbuyo uli m'mwamba. Anthu anati apola yekha, galu sapita kuchipatala. Amalume anamukweza m'lole yomwe ankayendetsa n'kupita naye kwa dokotala wa ziweto ku Lilongwe. Kumeneko anati mtsempha wogwira bondo waduka, ndipo anamuchita opaleshoni.

Anabwerako mwendo wonse wometedwa, khungu lotuwa, ulusi wakuda pabondo. M'khosi amalume anamuveka ndowa yapulasitiki yoboola pansi kuti asamanyambite bala. Dokotala anali atalamula kuti asathamange, asalumphe, azigona pouma, ndipo potuluka azigwiriridwa ndi nsalu yodutsa pansi pa mimba.

"Ntcheŵe mu nyumba yayi, adumbu," amayi anauza mlongo wawoyo. Akakwiya ankabwerera ku Chitumbuka. Kwathu galu sankalowa m'nyumba. Komabe Jeki anagona pachiguduli m'chipinda cha amalume, ndipo nyumba yonse inayamba kununkha mankhwala ndi ubweya wonyowa.

Nsalu yomugwirira inali chitenje chija. Zovala zina zonse za anti zinali zitagawidwa kale kwa abale awo, monga mwambo umanenera. Ichi chokha amalume anali atachibisa. M'mawa ndi madzulo ankachikulunga m'manja, n'kuwerama, n'kuyenda ndi galuyo pang'onopang'ono kuzungulira nyumba, mvula ikuwawaza pamsana.

Tsiku lina mkulu wawo wa anti anabwera kuchokera ku Msongwe kudzatizonda. Anaima pageti dzanja lili pakamwa.

"Alamu, nsalu ya mng'ono wanga mwaisandutsa thewera la galu?"

Amalume sanadzutse mutu. "Akayamba kuyenda yekha, ndidzabweretsa."

"Yewo," anathokoza mayiwo mouma, ndipo tiyi sanamwe.

Kuchira kwa bondo kulibe chosangalatsa. Ulusi unachotsedwa, ndowa inavulidwa, ubweya unamera. Jeki anayamba kugunditsa zala pansi, kenaka phazi lonse. Mwendowo unali utawonda ngati ndodo, ndipo amalume ankaupinda ndi kuuwongola atakhala pakhonde. Tonse tinatopa nazo. Amayi anatopa ndi kukolopa, ine ndinatopa ndi kulondera chitseko kuti galu asatuluke.

"Galuyu wachira," amayi ankatero. "Mukungodzithyola msana."

"Bondo limanamiza," amalume ankayankha. "Kunja lapola, m'kati ayi."

Ndinadzawerenga nditakula kuti zimenezi n'zoona: galu ukamumasula msanga, mtsempha umavulalanso. Koma ndikudziwanso tsopano kuti nthawi yomwe dokotala ananena inali itadutsa kalekale. Jeki ndiye ankakoka amalume, chitenje chili lende pansi pa mimba, osanyamula kanthu.

Zinatha Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, dzuwa litatuluka. Mphaka wa aneba anadutsa pampanda. Jeki anapulumuka m'chitenjemo n'kuthamanga ndi miyendo yonse inayi mpaka kumsewu, amayi akuona, aneba akuona. Ine ndinakuwa, ndinalumpha, ndinaomba m'manja.

Mawa lake amayi anachichapa, poti sungapereke kwa eni ake nsalu yonunkha galu. Chitauma, amalume anachisita okha, n'kupita nacho ku Msongwe wapansi, ngakhale kuti lole inali pabwalo.

Mkazi wanga anamwalira miyezi yapitayi. Abale ake akubwera Loweruka kudzagawa zovala. Ndapinda zonse n'kuika m'matumba, kupatula chitenje chimodzi chomwe chidakali kuseri kwa chitseko pomwe anachikoleka. Sindinapeze chifukwa choti ndidzawauze. Ine galu ndilibe.

Lamulungu lija Jeki atathamanga, ndinathamangira kwa amalume n'kuwakoka malaya. Anali ataima pomwepo, chitenje chili m'manja onse awiri, akadali owerama pang'ono.

"Amalume, wachira! Mwamuona? Wachira!"

"Ndamuona," anatero.

Ndinadikira kuti aseke, koma sanaseke. Ndinkaganiza kuti msana ukuwapweteka.