Buledi ndi Ndalama ya Banki Yakufa

Nditangofika ku Birmingham, ejensi yopezera anthu ntchito inandipatsa ntchito yosamalira bambo wina wachizungu wokalamba m'dera la Handsworth. Anali atayamba kuiwalaiwala, koma chinthu chimodzi sichinkawachoka m'mutu: ndalama zamapepala za mabanki akalekale, amene anagwa agogo awo asanabadwe. Anazitolera moyo wawo wonse n'kumazisunga m'timatumba tapulasitiki m'kabati. Mwana wawo wamkazi anandichenjeza kuti zina n'zamtengo wapatali, zisadzatuluke m'nyumba.

Tsiku lina masana tinapita kukagula buledi pashopu yapafupi. Ndisanatulutse khadi yakubanki, bambowo anapisa m'jekete n'kuika pakauntala pepala lofiirira, lopyapyala ngati tsamba louma. Sindinaone kuti analitenga nthawi yanji.

Mwini shopu analitola, nkhope itasintha.

"Ichi n'chiyani? Mukufuna kundibera ndi ndalama yachinyengo?"

Ankayang'ana ine, osati iwo.

"Pepani bwana, achikulirewa akudwala," ndinatero. "Ndilipira ndi khadi. Chonde tibwezereni."

"Sindibweza. Ndiitana apolisi."

Viza yanga inali m'manja mwa ejensi, ndipo ndinkadziwa kuti dzina langa likangomveka kupolisi, ntchito yatha. Bambowo anatambasula dzanja n'kugwira ngodya ya pepalalo, mwini shopu osasiya. Ndinamva likung'ambika.

"Pang'onopang'ono, mwana wanga," anatero bambowo kwa mwini shopu ndi mawu odekha. "Banki imeneyi inagwa kalekale. Zotere zatsala zochepa."

Mwini shopu analiyandikitsa kumaso, n'kuona chaka chake ndi siginecha yolemba pamanja. Analikankhira kwa ine. Ndinalipira buledi.

Titafika kunyumba ndinaimbira foni mwana wawo uja. Anabwera ataweruka kuntchito, n'kuyang'anitsitsa pong'ambikapo kwa nthawi yaitali.

"Inu munali kuti pamene ankalitenga?"

"Ndinkawafunira nsapato."

Ndinadikira kuti anene za ejensi. Sananene. Anatsegula kabati, n'kulongedza ndalama zonse m'katoni, n'kukaika m'galimoto yake.

M'mawa mwake bambowo anatsegula kabatiyo n'kuima pamenepo, manja ali lende. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti waba ndani. Ndinawafotokozera, anamva, koma pofika tsiku lotsatira anali ataiwala. Ankandifunsa funso lomwelo m'mawa uliwonse mpaka ejensi inandisamutsira kunyumba ina ku Coventry.