Tinangoti Yewo

Ndinaphunzitsa pa sukulu ya mishoni mpaka kupuma ntchito, ndipo sindinatayepo pepala lililonse londikhudza. Ngakhale makhadi a kusikelo a ana anga, amene pano ali ndi ana awo, ndikadali nawo. Choncho ndikanena kuti pa msonkhano uja palibe anatifunsa ngati tikuvomera, ndikudziwa chimene ndikunena.

Kunabwera ophunzira a ku koleji ina pamodzi ndi bwana woyang'anira mapulani a malo. Anati agwirizana zokonza njira ya madzi a mvula pa Katowo, chifukwa chaka chilichonse madziwo amakumba msewu ndi kulowa m'magolosale. Ndinakondwera nazo. Ndinawayendetsa ndekha, kuwaonetsa kumene madziwo amachokera.

Atamaliza kujambula anatiitana ku tchalitchi. Mtsikana wina wochokera kumwera anapachika mapu pakhoma n'kufotokoza bwinobwino m'Chichewa. Mzere wobiriwira, anati, ndi ngalande yaikulu. Ife akumbuyo mzerewo sitinkauona n'komwe. Atakhala pansi tinaomba m'manja tonse, n'kunena kuti, "Yewo, yewo chomene."

Kwathu kuno mlendo akalankhula umati yewo. Ngakhale wobweretsa uthenga wa maliro timamuuza choncho. Ndi kuthokoza kuti wabwera, basi. Tikavomera timati enya.

Chilimwe chitafika, kunabwera amuna okhoma zikhomo zopaka penti yofiira. Mzere wake unatsika kuchokera kumsika, unadutsa m'munda mwanga, n'kukafika pa mitengo pamene pagona mkazi wanga. Chikhomo chimodzi anachikhoma pafupi ndi mwala wa kumutu, moti ndikatambasula mkono ndimakhudza zonse ziwiri. Ndinawafunsa. Anati iwo angotumidwa.

M'mawa mwake ndinavala jekete, ndinakwera pikapu kupita ku Boma. Bwana uja anandilandira mwaulemu.

"Adada, anthu munavomera. Ndinalipo ndekha, ndinamva ndi makutu anga."

"Munamva chiyani, bwana?"

"Nonse munati yewo. Mwamphamvu ndithu."

"Nanga amayi ogulitsa tomato pamsika paja akamakuuzani yewo mukudutsa, amakhala akuvomera chiyani?"

Anaseka, kenako anasiya. Anabwera kuno kuchokera ku chigawo chapakati, ndipo ndikhulupirira kuti sananame dala. Koma ine sindinapite kukaona mtima wake. Ndinapempha pepala la zimene tinakambirana pa msonkhanowo. Anati lili ku koleji. Ndinapempha mapu. Anati anatumizidwa kale kwa akuluakulu, ndipo ophunzira aja anamaliza maphunziro, aliyense ali kwawo.

"Ndiye ndilembere yani?"

"Lemberani ine, adada. Ndifunsa."

Ndinalemba pomwepo, makope awiri, ndipo ndinakana kuchoka mpaka atadinda langa. Yankho silinabwere. Ndinabwererako, anati ali ku msonkhano ku Mzuzu.

Sindikutsutsa ngalande. Ndinaona mayi wina akukolopa matope m'golosale mwake, shuga yense atasungunuka. Ikumbidwe. Kungoti ikhote pang'ono, idutse kunsi kwa mitengoyo kumene kuli udzu wokhawokha. Atandifunsa ndikanawauza tsiku lomwelo.

Mdzukulu wa mlongo wanga anati azule zikhomozo aziponye kumtsinje. Ndinamuletsa. Sindinaonongepo chinthu cha boma, ndipo sindikufuna kuti adzati mkuluyu ndiye anasokoneza ntchito. Komanso zikazulidwa, woyendetsa thalakitala adzalondola chiyani? Mwina angapite pamwamba penipeni pa manda.

Akuti okumba afika mvula isanayambe. Mwana wanga wamkulu anandiimbira foni kuchokera ku Lilongwe. "Adada, bwanji tiwasamutse tokha amama, mwaulemu, abusa alipo, makina asanafike?"

Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Nyika. Ndasiya kupita kumsika ndi kumapemphero a pakati pa sabata, kuopa kuti angafike ine kulibe. Galimoto iliyonse yolemera ikamveka mumsewu ndimasiya chimene ndikuchita, n'kupita kukaima pakati pa chikhomo ndi mwala.