Tsiku limene ndinasankhira amalume ramu

Ndikukumbukira kachipinda ka amalume anga a Gervazio, kuseri kwa msika wa pa Mchinji Boma, momwe ankakonzeramo mavidiyo a maukwati. Munkanunkha fumbi, pulasitiki wotentha ndi usipa wa pa benchi yoyandikana nafe. Ndinali mu Fomu 2, ndikukhala kwa iwowo chifukwa kwathu ku Ludzi kunali kutali ndi sukulu yanga. Ndikaweruka ndinkakhala pakona, yunifolomu ili m'thupi, n'kumalemba m'kabuku kanga ka zochitika za tsiku ndi tsiku. Ndinali wamanyazi kwambiri. Mlendo akandipatsa moni, yankho langa linkamvedwa ndi nsapato zanga zokha. Zonse zimene pakamwa pankakanika kunena zinkathera m'kabukumo.

Kompyuta ya amalume inali yakuda, mbali imodzi yotsegula kuti muzilowa mphepo. Mnzawo wina wa ku Chipata anawaphunzitsa kuikakamiza kuti izithamanga kuposa liwiro limene opanga anaiikira. Iwo ankati kumeneko n'kuikwapula, ngati ng'ombe za pa ngolo. Munthu wongobwera kudzaikitsa nyimbo m'foni sankatuluka asanaonetsedwe manambala a liwirolo pa sikilini, kaya akuwamva kaya ayi.

Chaka chimenecho, fodya atatha kugulitsidwa, amalume anajambula ukwati wa mwana wa a Makwinja, omwe ankalima fodya pa esiteti ina ku Chiosya. Kwawo kunali ku Phalombe, ndipo lole yowabwezera kumudzi inkanyamuka Loweruka. Mayi a mkwatibwi anatsala ku Phalombe akudwala, moti ukwatiwo sanauone. Vidiyo yokhayo ndi imene ikanawaonetsa mwana wawo atavala diresi yoyera. Koma kompyuta inkangouma ntchito ili mkati. A Makwinja ankabwera pa njinga tsiku lililonse, kuvula chipewa pakhomo, kumva kuti mawa, n'kubwerera osadandaula. Kusadandaula kwawoko n'kumene kunkandiwawa.

Amalume anati vuto ndi ramu, timatabwa ting'onoting'ono tomwe kompyuta imayalapo ntchito imene ikugwira pa nthawiyo. Lachinayi masana tinanyamulizana kompyutayo mpaka ku shopu ya a Sumaili, bambo ofatsa omwe ankaoda zipangizo ku Zambia. Tinawadikira pakhonde mpaka anabwerako ku mzikiti. Anatulutsa mitundu iwiri ya ramu n'kuiyala pa nyuzipepala. Ina inali yofiira, yokhala ndi timapiko ta chitsulo tozizitsira, yothamanga kwambiri koma yonyamula magigi awiri okha kathabwa kalikonse. Inayo inali yobiriwira, yosaoneka bwino, yochedwerapo, koma kathabwa kalikonse magigi anayi. Malo oikamo anali awiri okha, ndiye sizikanatheka kutenga zonse.

Amalume anali atainyamula kale yofiira ija, akuitembenuza pa kuwala. Ananena kuti imeneyo ndi imene ingapirire chikwapu. A Sumaili anaseka chamumtima.

"Inu a Gervazio mukanakhala dalaivala wa minibasi, anthu bwenzi akufika ku Lilongwe msanga, koma katundu wawo atatsala pa depoti."

Kenako anafunsa mmene kompyutayo imaumira, nthawi yanji, ikuchita chiyani. Amalume anati imangouma basi, kuuma n'kuuma.

Ine ndinkadziwa. Kwa milungu iwiri ndinkalemba nthawi iliyonse imene yauma, osati chifukwa cha nzeru ayi, koma chifukwa ndinkawamvera chisoni amalume ndipo ndinalibe wina womuuza. Vuto linali loti pa masamba omwewo panalinso zina. Panali za mnyamata wina wa m'kwaya. Panalinso ndemanga yanga pa kaimbidwe ka amalume akamasamba. Ndinaona a Sumaili akufunafuna kapepala kokulungira yofiira ija, ndipo ndinaganiza za mayi odwala aja ku Phalombe. Ndinatulutsa kabukuko m'chikwama, n'kukatsegula pa kauntala, chikhatho changa chitaphimba theka la m'munsi la tsamba.

A Sumaili anavala magalasi n'kuwerenga pang'onopang'ono. Ndinalemba kuti amalume akatsegula zidutswa zambiri za vidiyo nthawi imodzi, kanyale kofiira kamayaka osathima, mkati mumamveka kukukuta ngati mbewa m'nkhokwe, kenako zonse zimaima. Koma masana kukatentha, malata akulira, sikilini imangosanduka ya buluu mwadzidzidzi, ngakhale atatsegula chidutswa chimodzi chokha. Tsamba lililonse ndinkalitembenuza ndekha, chikhatho osachotsa.

Atamaliza, anauza amalume kuti mwanayu walekanitsa matenda awiri amene iwo ankawayesa amodzi. Kukukuta kuja n'kuchepa kwa malo, pomwe kusanduka buluu kuja n'chikwapu chawo chomwecho chikakumana ndi dzuwa. Atatero anatembenukira kwa ine.

"Nanga inu mayi, mukuti titenge iti?"

Munthu wamkulu anali asananditchulepo mayi. Ndinaloza yobiriwira. Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka. Ndinati kwathu tikamasankha mtedza pa lichero laling'ono timangotha nthawi ndi maulendo a kunkhokwe, ndipo ngakhale uthamange bwanji, lichero silikula.

Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali ngati ndangofika kumene m'banjamo. Kenako anatambasula dzanja kuti asunthe chikhatho changa, aone zotsalazo. A Sumaili anawagwira pamkono.

"Za pansizo si za kompyuta, achimwene."

Yobiriwira ija inalowa ndi kaphokoso kakang'ono, ngati kuthyola chinangwa. Kutsitsa liwiro, monga anawalangizira a Sumaili, ndiye kunawavuta amalume. Ankatsitsa nambala imodzi n'kuusa moyo, a Sumaili n'kuti inanso. Pobwerera, titafika pa msika anandigulira chimanga chootcha, chachikulu kuposa chawo.

Lachisanu kompyuta inagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka osauma n'kamodzi komwe. Loweruka m'mamawa a Makwinja analandira disiki yawo ndi manja awiri, n'kuikulunga m'mpango. Atayamba kuthokoza, amalume anawadula n'kuloza pakona pomwe ndinakhala, nati athokoze injiniya wawo. Ndinafuna kubisala, komabe ndinaimirira n'kuwapatsa dzanja. Chaka chotsatira atabweranso kudzalima, anatiuza kuti akazi awo anaionera vidiyoyo katatu kwa aphunzitsi a m'mudzi mwawo, ndipo mwana wawo akaonekera pa sikilini ankauza anthu onse kuti akhale chete.

Lero kachipinda kaja ndi kogulitsiramo feteleza, ndipo foni ya mwana wanga ili ndi ramu yochuluka ngati imene tinavutikira tsiku lija. Maukwati anthu akuonera ali kutali, nthawi yomweyo imene akuchitika. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta a m'maofesi, ndipo achinyamata ambiri amafika atasankha kale ramu yothamanga, ya timagetsi tonyezimira. Sindiwatsutsa. Ndimawapatsa mpando, n'kuwafunsa kuti kompyuta yawo imauma bwanji, nthawi yanji, ikuchita chiyani. Ambiri sadziwa. Koma mwa apo ndi apo pamapezeka wina wofatsa, amene anayang'anitsitsa, ndipo ameneyo ndimamusiya asankhe yekha.