Mizere ya akamwini

Amuna anga anabwera kwathu kudzakhala chikamwini, monga amachitira amuna ambiri kuno kumapiri a Dedza. Munda ndi wa amayi anga, nyumba tinamanga pamalo a amayi anga, ngakhale mtengo wa mapichesi umene amakonda kukhala patsinde pake ndi wa amayi anga. Chimene mkamwini amabwera nacho ndi msana wake basi. Ndipo wawo unali msana ndithu. Mizere yawo inkaonekera patali, yowongoka, yonenepa bwino, moti azimayi opita kudimba ankaima n'kumandifunsa kuti munthuyu ndinamudyetsa chiyani.

Ndi amayi sankayankhulana. Sikuti panali chidani ayi, ndi ulemu wa kwathu: mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Mawu onse ankadzera mwa ine. "Ukawauze apongozi kuti mbuzi zalowa m'munda." "Ukawauze amayi kuti ndamva." Ana anabadwa mpaka kukula ine ndikungoyenda pakati pa makomo awiri oyang'anizana.

Chaka china ngolo inawagwera amuna anga akupita nayo ku Chimbiya itadzaza matumba a mbatata ya kachewere. Ng'ombe zinadzidzimuka ndi hutala ya lole, ngolo n'kupendekera mu ngalande, iwo ali pansi. Anathyoka fupa la m'chiuno, msana nawo unavulala. Kuchipatala fupa linalumikizana, ndipo anawapatsa makapisozi oletsa ululu otchedwa tiramadolo kuti amwe kwa kanthawi. Kanthawiko kanatha, ululu sunathe, nyengo yolima n'kufika. Mkamwini wosalima kwathu kuno amamuimba pamtondo. Amuna anga anapeza munthu wogulitsa makapisozi omwewo mobisa kumsika, ndipo chaka chimenecho mizere inawongoka ngati kale.

Poyamba ankamwa chifukwa cha msana. Kenako ankamwa kuti angotha kudzuka pamphasa. Akawasowa, thukuta linkachita kamukamu, mphuno kuchucha, kuyasamula kosalekeza, m'mimba kutseguka, ndipo munthu wofatsa uja ankakalipira ngakhale nkhuku. Tsiku lina anagwa m'munda n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu. Ndinaganiza kuti ndatsala wamasiye. Atatsitsimuka anandiuza zonse, koma anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amayi asamve. Chonde, mayi a ana."

Tinabwerera kuchipatala. Kumeneko sanawakalipire. Anayamba kuwachepetsera mankhwalawo pang'onopang'ono, kuwaphunzitsa kuwongola msana atagona chagada, ndi kuwasonkhanitsa pamodzi ndi anzawo a vuto lomwelo kuti azikambirana. Namwino wina, mayi wosazungulira mawu, anatiuza kuti, "Chilakolako cha mankhwala chidzachepa, koma ululu mwina sudzatha wonse. Muphunzira kukhala nawo." Ine ndinapsa mtima. Ndinapita ndi munthu wodwala kuti ndibwere ndi munthu wochira, ndiye akundiuza kuti ululu tipite nawo kunyumba ngati mlendo?

Tinapita nawo ndithu. Kuzizira kwa Juni kuno sikuseweretsa munthu. Chifunga chikatsika m'phiri, msana wawo unkadziwa tambala asanalire. Ndinkawotcha njerwa pamoto, kuikulunga m'chitenje chakale, iwo n'kuitsamira. Ankamwa panado, ankayenda pang'onopang'ono mpaka patchalitchi n'kubwerera. Tsiku lopita kuchipatala ankalikonda kuposa Khirisimasi. Ankati kumeneko munthu akanena kuti "ndikumva kupweteka", anzake amamva zomwezo. Kwina konse akatero, anthu amayang'anana, poganiza kuti akupempha makapisozi mochenjera.

Nyengo yozizira tinaidutsa. Chimene ndinkaopa ine chinali Okutobala, anthu akayamba kuunga mizere. Amuna anga anatenga khasu. Anaunga mizere yowerengeka, yokhotakhota, kenako ndinawapeza atagona pansi pa mtengo wa m'munda, mano ataluma. Mundawo uli poonekera, ukakhala pakhonde la amayi umauona wonse.

"Amayi akuona," anatero amuna anga.

"Aone. Ali ndi maso."

"Inu simungamvetse. Kuno ndi kwanu."

Madzulo ake anandifunsa ngati kunyumba kukufunika mchere, kuti mawa apite kumsika. Mchere unalipo wodzaza chitini. Ndinadziwa chimene ankachifuna kumsikako, iwonso anadziwa kuti ndadziwa. Sanapite. Koma ndinkaona kuti tsiku lina adzapita osandifunsa, ndipo mantha anandigwira kwambiri.

M'mawa mwake amayi anandiitana. Anamasula mfundo ya pakona pa chitenje chawo, n'kunditsanulira m'manja makapisozi obiriwira ndi achikasu, omwe aja.

"Ukawapatse apongozi," anatero. "Ndachita kuwafunafuna kumsika. Achipatala alibe chisoni. Munthu akubuula chotere, iwo n'kumulanda mankhwala?"

Mtima wanga ndi wapachala, aliyense kwathu amadziwa. Lonjezo lija ndinaliiwala pomwepo. Ndinawauza amayi kuti makapisozi amenewa ndi amene anagwetsa munthu m'munda, si khunyu ayi. Ndinawauza kuti ankamwa kuti mizere yawo iwongoke, kuti asanenedwe kuti akudya za apongozi ulele. Ndinakuwa mpaka agalu anatuluka m'makhitchini.

Amayi anandiyang'ana.

"Chifukwa cha ine?"

"Eya, chifukwa cha inu!"

"Ine mizere ndinaipempha liti?"

"Simunapemphe. Koma munanenapo kuti asiye?"

"Ndikananena bwanji? Ndi apongozi anga."

Anandilanda makapisozi aja, kupita nawo kuchimbudzi, kubwerako akupukuta manja. Ndinawafunsa kuti ndikanene chiyani kunyumba. Anati, "Palibe. Mawu akadzera mwa iwe amakafika atapsa."

Mwambo ulipo woti apongozi akafuna kuthetsa manyazi amapereka kanthu, n'kuyamba kuyankhulana. Amayi anali asanaufunepo, ankati zimenezo zimachotsa ulemu pamudzi. Tsiku limenelo ndinawaona akuthamangitsa nkhuku yawo yathadzi kuzungulira nkhokwe, munthu wamkulu, mpango utagwa. Ataigwira anaipanira m'khwapa n'kulunjika kumunda. Ine ndinatsatira pambuyo.

Amuna anga anali atakhala pansi pa mtengo uja, khasu lili pamiyendo. Ataona amene akubwera anayesa kudzuka kuti athawire kutchire monga mwa nthawi zonse. Msana unakana. Anagwira tsinde, anagwada bondo limodzi, anakanika.

"Khalani pomwepo, apongozi," anatero amayi. "Muthawira kuti ndi msana umenewo?"

Amayi anakhala pansi moyang'anizana nawo, anatambasula miyendo, n'kuika nkhuku pakati. Amuna anga anazolika, akuomba m'manja mopepuka.

Amayi anati, "Nkhuku iyi ndi yanu. Kuyambira lero tiziyankhulana. Mundawu munaulima mokwanira, ana anakula ndi chimanga chanu, ine ndinaona. Khasulo mupatseni mkazi wanuyu, mphamvu zake zikungothera kukamwa. Inu muzindisankhira mbewu ya kachewere, maso anga anatha. Mwamva?"

Nkhuku inayesa kudzimasula, amayi anaikanikiza ndi phazi. Kenako amuna anga anadzutsa mutu, ndipo mawu oyamba amene anayankhula kwa amayi anga chikwatirireni anali akuti, "Amayi, ukupweteka."

"Ndikudziwa," anatero amayi. "Inenso bondo ili limandipweteka. Ndinalibe womuuza, uyu samva."

Ndinatembenukira kumbali kuti asaone misozi, ngakhale kuti amene ankanenedwa ndinali ine.

Amuna anga kumsika amapita masiku ano, kukagula mchere ukathadi, ndipo amadutsa pamalo pa wogulitsa makapisozi uja osaima. Kuchipatala sanasiye, amapitabe kukakumana ndi anzawo. Ululu ulipo. Masiku ena umawalola kuyenda mpaka kudimba kukathirira tomato ndi kachitini, masiku ena umawagoneka, ndipo pamasiku otero nyumba imakhala zii. Sindinganame kuti zonse zinatha. Koma mantha aja a Okutobala anandichoka, ndipo ndimagona tulo.

Juni akafika ndimawotcha njerwa ziwiri, ina ya msana, ina ya bondo. Awiriwo amakhala pakhonde la amayi, thumba la mbewu lili pakati, akusankha kachewere n'kumapikisana kuti amene wavutika kwambiri ndani. Ntchito yanga yotumidwa inatha, moti zina ndimachita kumvera kwa aneba kuti anthu awiriwa agwirizana zogulitsa mbuzi.

Mizere ya kwathu tsopano ndimaunga ndine, ndipo ndi yokhota. Azimayi opita kudimba saimanso. Amuna anga amaiyang'ana ali pampando, n'kuwauza amayi kuti mwana wawo sadziwa kulima, ndipo amayi amavomereza.