Makasu a Injini ya a Elson

A Elson a ku Nkando anakalambira ku esiteti ya tiyi, akupatsira amakaniko masipanala. Atapuma ntchito anagula chigayo cha dizilo, n'kuchikonda ngati mwana wachisamba. Kuthira oyilo okha, kupukuta okha. Akazi awo, a Eneles, ankangololedwa kusesa gaga.

Ndiye kunabwera namondwe wa Freddy uja. Matope anakwirira chigayo, munda n'kusanduka miyala yokhayokha. Pochifukula, injini inali itafiira ngati chulu. Pakhomopo panalibenso china chodyera.

Sandipepala anamukana, amvekere amadya chitsulo. Anakumbukira njira yochotsera dzimbiri ya ku esiteti. Anadula thanki yakale, kudzaza madzi, kuthiramo soda wochapira, amuna anzawo n'kuwathandiza kumiza injini. M'mbali anapachika makasu akutha, osakhudza injiniyo. Waya wakuda wa batire ku injini, wofiira ku makasu, sola padenga. Madzi anayamba kuchita thovu. Dzimbiri linkayoyoka pa injini, makasu n'kumadyeka m'malo mwake.

Anthu ankaseka kuti madala apenga, akufulula chitsulo ngati thobwa. Koma amayi, otopa ndi mtunda wokagayitsa kutali, anayamba kuwabweretsera makasu awo akutha, mwina chigayo n'kudzuka. Chiperoni chikaphimba dzuwa thovu linkaleka, a Elson n'kungokhala pambali pa thanki, manja m'khosi. Dzuwa silikakamizika.

Tsiku loivuula anaitsuka ndi bulashi. Chitsulo chinayera bwinobwino, mpaka manambala ake kuwerengeka. Pamenepo ndi pomwe anauona mng'alu, woonda ngati ulusi, kuchokera pamwamba mpaka pansi pa injini. Dzimbiri ndi matope ndi zomwe zinkaubisa. Anayendetsamo chikhadabo. Mng'alu wotere ankaudziwa. Ku esiteti injini yotere ankangoikokera kuseri kwa shedi, osaikonzanso. Mtima unawawawa.

"Bambo a Lily, yayera?" anafunsa a Eneles ali pakhonde.

"Yayera, mayi."

Nthawi yomweyo panafika mayi wina wa kutsidya, mwana kumbuyo, khasu lakutha m'manja. Anagwada.

"Ndati ndiwonjezere ili, agogo. Tigayitsa liti?"

A Elson anayang'ana injini, anayang'ana mayiyo. Analandira khasulo ndi manja awiri, nati zikomo.